Kanyenyezi ka pa Botolo

Panali munthu wina, mayi wolima nyemba ndi masamba kuseri kwa nyumba yake. Nkhaniyi ndinaimva kwa mchimwene wake weniweni, ndipo mpaka lero ikundiwawa mumtima.

Mayiyu ankasunga bambo ake, omwe anafa ziwalo mbali imodzi. Pobwera kudzakhala kwa mwana wawo bambowo anasiya katundu yense, koma ming'oma yawo inayi ya njuchi anakana kuisiya. Anaiika kumapeto kwa dimba, ndipo ankaswera pomwepo tsiku lililonse. Lilime linali lolemera, kuyenda kovuta, koma akamva njuchi zikulira nkhope yawo inkabwerera mwakale. Chinali chinthu chokhacho chimene matenda anawasiyira.

Chaka china nyemba zitangochita maluwa, nsabwe zinagwa m'dimbamo. Mayi uja anathamangira kusitolo ya zaulimi, n'kupeza mtsikana wa kampani ina atayala mabotolo patebulo pakhomo, atavala zobiriwira zokhazokha.

"Mayi, yesani mankhwala awa, ndi atsopano," anatero mtsikanayo. "Onani alemba apa: Bwenzi la Chilengedwe."

Botololo linali lokongola ndithu. Panali tsamba lobiriwira, gulugufe, ndi kanyenyezi kakang'ono kumapeto kwa mawuwo.

"Kwathu kuli njuchi. Sizifa?" anafunsa mayiyo.

"Bwenzi la chilengedwe lingaphe njuchi, mayi? Njuchizo si chilengedwe chomwecho?"

Taonani bwino pamenepa, mtsikanayo sananene kuti ayi. Anangobweza funso, mayi uja n'kudziyankha yekha mumtima.

Anagula botololo, ndipo atafika kunyumba anawaonetsa bambo ake. Iwo analitembenuza botololo ndi dzanja lawo lamoyo.

"Wawerenga kumbuyoku?"

"Timalembato n'tochepetsetsa, bambo, maso anga satha kutiona."

"Dikira mchimwene wako Loweruka adzakuwerengere. Mankhwala odziwa kusankha kachilombo koti aphe ine sindinawaonepo."

Mayiyo anaseka. "Inu bambo, mumakayikira ngakhale madzi akumwa. Pofika Loweruka nsabwezi zikhala zitamaliza nyemba zonse."

M'mawa mwake dzuwa litakwera anapopera dimba lonse, njuchi zili pikitipikiti pa maluwa. Pofika masana zina zinayamba kugwa pakhomo pa ming'oma, zikuzungulira pansi ngati zaledzera. Tsiku lachiwiri pansi ponse panali bii. Tsiku lachitatu kuseri kwa nyumba kunali zii.

Mayi uja anabwerera kusitolo misozi ili chuchuchu, koma tebulo lija panalibe. Mwini sitolo anangomupatsa nambala ya kampani. Anaimba, n'kuyankha bambo wina wa mawu ofatsa ngati namwino.

"Pepani kwambiri, mayi. Koma kanyenyezi kamene kali pa mawuwo munakaona?"

"Ndinakaona. Si kokongoletsa?"

"Ayi. Kamatanthauza kuti mutembenuze muwerenge kumbuyo. Bwenzi la chilengedwe ndi botololo, mayi, chifukwa tinalipanga ndi mapulasitiki akale. Za mankhwala ali m'katimo tinalemba m'munsi mwake, kuti ndi oopsa ku njuchi ndipo musapopere pa maluwa."

"Ndiye kuti munandinamiza."

"Sitinaname paliponse, mayi. Zonse zinalembedwa."

Chimene chimandipweteka ine n'chakuti bambo wa kampaniyo ankanena zoona. Anthu amenewa bodza lawo amalikonza kuti lisagwirike mchira.

Atabwerera anapeza bambo ake atakhala pansi pafupi ndi ming'oma, akuwola njuchi zakufa ndi dzanja limodzi n'kumaziika m'chipewa chawo. Mmene anafikira pamenepo okha palibe akudziwa.

"Bambo, ndikhululukireni. Ndikupezerani zina."

"Usalire, mwanawe. Kufunsa unafunsa, koma unafunsa wogulitsa."

Akanamukalipira bwenzi zili bwino. Koma iwo anangoti, "Uchi uli m'katimu usapatse munthu, walowa poizoni. Katenge machesi. Ine ndi dzanja limodzi sindingayatse."

Mayi uja anayatsa yekha, mng'oma umodziumodzi, bambo ake akuyang'ana. Mchimwene wake akuti pa mng'oma wachinayi machesi anakana kangapo, ndipo bambowo anamugwirira kabokosiko kuti athe kuyatsa.

Phunziro: Chikomekome cha mkuyu, m'kati muli nyerere. Tsamba lobiriwira pa botolo aliyense akhoza kujambula, ndipo mawu akuti "bwenzi la chilengedwe" salipiritsa msonkho. Mukawaona, funsani kuti bwenzilo ndi liti: botolo, pepala lokutira, kapena zimene zili m'katimo? Mukaona kanyenyezi, katsatireni mpaka kumbuyo, chifukwa choonadi amachibisa m'timalemba ting'onoting'ono. Ngati maso sakutha, dikirani wina akuwerengereni, ndipo wogulitsa akakubwezerani funso m'malo moyankha, siyani katunduyo pomwepo. Musaisunge nkhaniyi m'foni mwanu mokha. Itumizeni kwa abale ndi anzanu, makamaka amene ali ndi dimba, wina asadzalire ngati mayi ameneyu.