Wodyetsa Udzudzu

Ndinakolopa, ndinatsuka mabotolo, kenako ndinalowetsa mkono m'bokosi la udzudzu wa kafukufuku kuti uyamwe. Ndiyo ntchito imene ndinaipeza ku Gambia ndi sukulu yanga yothera panjira.

Foni inalira mkono udakali momwemo. Anali mlamu wanga Yeabu, akuimba kuchokera kudziko lakwathu, ku Makeni.

"Amake Sallay, mwana wanu wagonekedwa m'chipatala, ndi malungo. Inu muzingonenepetsa udzudzu wa eni ake kumeneko."

Nditapempha kuti ndipite, Dokotala Manneh, mkulu wa kafukufukuyo, sanadzutse n'komwe mutu. "Achemwali, mukachoka lero kafukufuku yense awonongeka. Pirirani mpaka Lachisanu."

Ndinasolola mkono, n'kutenga chikwama changa.

Zimenezi zinandidyera ntchito, chiphaso chokhalira m'dzikomo, ndi masiku atatu apamsewu. Sallay anachira. Atandiona ndikulowa pakhomo, anakabisala kuseri kwa chitenje cha Yeabu ngati waona mlendo.