Kutsidya Zinthu N'zotchipa

Mayi wina analowa mu saluni osaodira. Nsapato zake zinali mbuu ndi fumbi la ulendo. Anaima pakati pa makatoni n'kuyang'ana denga, kalilole, ndi soketi ya pakona pamene panali foni ikutchajidwa.

"Tatseka, mayi," anatero mwini saluni, mtsikana amene makasitomala ankangomuitana kuti Sisi. "Mawa ndikusamuka."

"Kungondipesa basi. Ndachokera kutsidya."

Atamva mawu akuti kutsidya, Sisi anapukuta mpando ndi chitenje chake chomwe.

Kutsidya unali mzinda woyandikana nawo, kungowoloka mlatho. Sisi anapitako kamodzi ali mwana, koma masiku ano ankagona nawo m'maso. Chibwenzi chake, dalaivala wa basi yoyenda pakati pa mizinda iwiriyi, chinkausimba mokoma ngati uchi. Kumeneko dalaivalayo anali atapeza nyumba ya zenera loyang'ana kolowera dzuwa, mpopi uli pakhomo penipeni. Anakana kukamuonetsa. "Mphatso saisuzumira," ankatero, akumugwira chibwano.

Zonse anayendetsa ndi dalaivalayo. Wogula saluni anamupeza ndi iye. Ndalama analandira ndi iye, n'kuzipititsa zonse kwa landilodi wa kutsidya kuti nyumba isatengedwe ndi ena. Landilodiyo anali wovuta. Ankaimba madzulo alionse, ndipo dalaivala ankakayankhira panja, motsitsa mawu. "Achikulire aja safuna phokoso," ankatero pobwerera. Lero anali atasiya foni yake pa soketi, n'kupita kukasaka lole yonyamula katundu.

Sisi anamasula duku la mlendoyo n'kuyamba kupesa.

"Mundiuze zoona, mayi. Lendi uko ndi yotchipadi?"

"Ndalama ya chipinda chimodzi kuno, uko mupeza ziwiri ndi khonde."

"Nanga makala?"

"Thumba lonyamula anthu awiri, mtengo wake theka la kuno. Tomato amachita kukupemphani kuti mutenge."

Sisi anadziyang'ana pakalilole n'kumwetulira. Anadziona kale ali pazenera lija, dzuwa likufiira, basi ikuimba hutala kumsewu.

"Nanga kuno mutu mumaluka bwanji?" anafunsa mlendoyo.

"Kuno tsitsi ndi golide. Azimayi a m'maofesi sanenerera n'komwe."

"Uko amalukana okha pakhonde, malipiro ake zikomo."

Chipeso chinaima pang'ono. Koma Sisi anakumbukira kuti dalaivala analonjeza kuti manja ake akapuma, ndipo mtima unakhalanso m'malo.

"Inetu ndikusamukira kuno," anatero mlendoyo.

Sisi anaseka mpaka kugwira m'chiuno. "Kusiya kotchipa kudzafera kuno? Mayi, kuno ngakhale mthunzi amagulitsa! Mudzadya chiyani?"

"Amuna anga akuti zonse anakonza."

"Amuna!" Sisi anakoka chipeso mwamphamvu dala, mutu wa mayiyo mpaka kugwedezeka. "Ndi imvi zonsezi mukukhulupirirabe 'ndakonza'? Akungofuna wowachapira pafupi. Penapake pali kamtsikana kosalala kamene kakudya ndalama zawo, inu mukudya malonjezo."

"Kamtsikana sikasowa," anayankha mayiyo, maso ali pakalilole. "Koma nako kali ndi ntchito yake."

Sisi anamumvera chisoni, chisoni chokoma chija chimene munthu amamva akaona kuti tsoka lagwera wina. Pofuna kumuonetsa mmene anthu ochenjera amakhalira m'tauni, anayamba kudzitama. Mayiyo ankangofunsa, iye n'kumayankha. Chowumitsira tsitsi chimagwira bwino, bola kuchimenya pang'ono kumbuyo. Madzi amasiya Lachitatu, ndiye mgolo uzikhala wodzaza. Mesh yabwino yolukira tsitsi imapezeka kwa bambo wa kuseri kwa msika, osati wa kutsogolo, ameneyo ndi wakuba. Mkazi wa dokotala amabwera Loweruka ndipo amakonda kuuzidwa kuti wachepa thupi.

"Wogula malo ano wachita mwayi," anatero mlendoyo, akusisita chogwirira cha mpando.

"Wagula ndi makasitomala omwe. Zaka zanga zonse zili m'chipinda chino." Sisi anapitiriza kupesa. "Akubwera lero kudzatenga makiyi. Sindikumudziwa n'komwe. Bola asakhale mbuli."

Anamaliza kupesa, n'kudzoza mafuta otsala m'botolo, aja ankafuna kutaya.

"Zingati?" anafunsa mayiyo.

"Sungani, mayi. Mudzagulire makala. Kuno mudzalira nawo."

Mayiyo anathokoza mwaulemu. Anatulutsa kafoni kakale m'thumba la diresi, nati aimbire amuna ake awauze kuti wafika bwino.

Nthawi yomweyo foni ya pa soketi inayamba kulira. Sisi anasuzumira, n'kuona dzina limene linkawala madzulo alionse: Landilodi. Bwanji ngati achikulirewo asintha maganizo, saluni atagulitsa kale? Anaitola ndi manja awiri, n'kupinda maondo ngati akuwaona.

"Halo, bambo landilodi?"

Mawu akewo anawamva kawiri: m'kamwa mwake, ndi m'kafoni kakale kamene kanali kumbuyo kwake.

"Si bambo, ndi mayi," anatero mlendoyo, atatambasula dzanja. "Makiyi a saluni yanga, Sisi."