Telala amene anachotsa mkazi wake mufilimu yachiwiri

Panali munthu wina, telala, amene ankasoka pakhonde la golosale ina. Kunyumba anali ndi mkazi wake ndi mwana mmodzi wamkazi wa kusekondale. Banjali linali lanthabwala. Ukadutsa pazenera lawo unkayesa muli alendo, chonsecho anali atatu okha.

Tsiku lina telalayu anawotcha diresi la mkazi wake ndi simbi, n'kulibisa pansi pa matiresi. Mwana anaona zonse. Anatenga foni n'kuyamba kujambula mayi ake akufunafuna diresi, bambo akuthandiza nawo kufuna m'ndowa, m'mapoto, mpaka m'nsapato. Mayi atalipeza analivala momwemo, chibowo chili kumsana.

"Tiyeni bambo, mundiperekeze kumsika, anthu akaone luso la telala wanga," anatero, kenako anaseka mpaka kukhala pansi.

Mwanayo anajambulanso zina zapakhomo, inakhala filimu yathunthu, n'kuiika pa intaneti. Mabanja ankaonera pamodzi, misozi ili mbwee ndi phwete. Telala akamadutsa mumsewu anthu ankakuwa kuti, "A Simbi! Lero mwawotcha chiyani?"

Kenako kunabwera bambo wina wa suti, wodzitcha dairekita wa mafilimu.

"Akulu, mwakhalira chuma," anatero. "Tipange gawo lachiwiri. Koma kanyumba kanuka n'kopanikiza, ndipo amayi kamera siiwakonda. Ndili ndi mtsikana wodziwa kusewera, adzakhala mkazi wanu mufilimumo. Yoyamba ija muichotse pa intaneti ndi mufoni momwe, ndiisunge ine, kuti anthu akhale ndi ludzu."

Telala atafotokoza kunyumba, mkazi wake anasiya kutsuka mbale.

"Munthu ameneyu mwamudziwa liti, bambo? Anthu sanaseke mipando yathu, anaseka chifukwa anadziona okha mwa ife. Kuseka kokakamiza kumangowawitsa masaya."

"Inu ndi nsanje chabe."

"Si nsanje. Koma ngati nkhope yanga yayamba kukuchititsani manyazi, ingonenani."

Mayi anadikira pang'ono, kenako anabwerera ku mbale zawo. Mwana anakana kufufuta filimu ija, koma bambo ake anamulanda foni, n'kutumiza filimuyo kwa dairekita, kenako n'kuifufuta okha pa intaneti ndi mufoni momwe.

Telala anatseka makina osokera, n'kupita kukajambula kumzinda wina. Kumeneko zonse zinali zazikulu: nyumba yosanja, galimoto yobwereka, nyali zowala ngati dzuwa. Dairekita anati poti diresi limodzi linaseketsa anthu, tsopano awotche madiresi ambiri, makatani ndi bulangete lomwe. Mtsikana uja ankaseka akauzidwa kuti "seka", ndipo kamera ikazima ankatembenukira pafoni yake.

Ali mkati mojambula, mwana anaimba.

"Bambo, amayi agonekedwa m'chipatala. Akukufunsani."

Telala anayang'ana dairekita. Dairekita anapukusa mutu. "Makamerawa ndi obwereka, akulu. Sadikira munthu."

"Uwauze ndibwera tikangomaliza," anatero telala.

Atamaliza kujambula anati adikire kaye tsiku loonetsa. Tsikulo holo inadzaza, makolo atabwera ndi ana awo. Ana anaseka pamene telala anagwa ndi simbi koyamba. Atagwa kachiwiri anaseka ochepa. Kenako kunangomveka kukhosomola ndi mipando ya anthu otuluka. Pakhomo mayi wina wachikulire anamugwira dzanja.

"A Simbi, nanga mayi wa diresi uja ali kuti? Ifetu tinabwerera iwowo."

Mawu amenewo anamulasa. Anakwera basi osatsanzika aliyense. Kuchipatala anapeza mkazi wake atatha thupi, mwana akuwanyowetsa milomo ndi kansalu. Mayi anatsegula maso.

"Mwabwera? Anthu aseka?"

Telala anafuna kunama, koma lilime linakana. "Sanaseke, mayi."

"Pepani bambo," anatero mayiyo, ngati olakwa anali iwo. "Munavutika nayo."

Telala anagwada pambali pa bedi n'kulira ngati mwana. Pasanathe masiku ambiri, mayi anatisiya.

Maliro atatha, nyumba inangoti zii. Tsiku lina mwana anaika chakudya patebulo, koma osadya.

"Bambo, ndayamba kuiwala mmene amayi ankasekera. Katengeni filimu yathu ija."

Telala anaimbira dairekita, foni sinkapezeka. Anapita ku ofesi yake, anapeza mukugulitsidwa penti. Anafunsa mtsikana wosewera uja, iye anati nayenso akumusaka. Anayenda kwa okonza mafoni ndi kwa ogulitsa mafilimu, akufunsa ngati alipo amene anasungako yoyamba. Ambiri ankangoonera pa intaneti, ndipo amene anaisungako anali atafufuta kalekale kuti foni ipeze malo. Wogulitsa wina anamumvera chisoni.

"Yoyamba ndilibe, bambo. Koma yachiwiri ilipo, tengani ulere, palibe akuifuna."

Anabwerera kunyumba manja ali lende. Mwana anali pakhomo akudikira. Anayang'ana manja a bambo ake, n'kulowa m'chipinda cha mayi ake, n'kutseka chitseko.

Akuti telalayo anabwerera pakhonde paja ndipo akusokabe. Anthu anasiya kumuitana a Simbi, chifukwa akamva dzinalo amaimitsa makina n'kuyang'ana pansi.

Phunziro: Chimene chinakometsa chinthu poyamba ndi anthu amene munali nawo, osati nyumba yosanja kapena nyali zowala. Mlendo akakuuzani kuti mupite patsogolo potaya amene munayamba nawo, mverani kaye wa kunyumba kwanu, chifukwa filimu imakhala ndi gawo lachiwiri koma munthu sabwera kawiri. Tumizirani abale ndi anzanu nkhaniyi, mwina wina angabwerere kunyumba nthawi ikadalipo.