Kapitawo Amene Anatuma Amalume Okha Kukadula Mtengo

Panali munthu wina amene anali kapitawo wa anthu okonza tinjira ta alendo m'paki ina ya m'nkhalango. Ntchito yawo inali kulambula njira, kudula mitengo yogwa ndi kukhoma matabwa pa timilatho. Pagulu lake panali bambo wina wachikulire amene aliyense ankangowatchula kuti Amalume. Anali atagwira ntchitoyo zaka zambiri, moti akangouyang'ana mtengo ankadziwa kumene ugwere.

Tsiku lina kutawomba mphepo yamkuntho, mtengo waukulu unazuka n'kukoleka pa unzake, pamwamba penipeni pa njira yopita kumathithi. Mawa lake kunkabwera mabwana kudzayendera pakiyo. Kapitawo ankafuna adzaone zonse zili m'malo, ndipo anthu ake ena anali atawatuma kale kukapenta zikwangwani kugeti.

"Amalume, tengani makina mukagwetse mtengo uja," anatero.

"Bwana, mtengo wokoleka sadula munthu mmodzi. Pamafunika wina woyang'ana kumwamba. Ndipatseni munthu, apo ayi titseke njirayo mpaka mphepoyi ileke."

"Titseke njira mabwana akubwera mawa? Mukufuna aziti ndimangogona muofesi muno?"

"Sindikukana ntchito ayi."

"Ngati mwakalamba ingonenani. Ofuna ntchito kunjaku ndi ambiri."

Amalume anavala chisoti, n'kunyamula makina ochekera mitengo paphewa. Atafika pakhomo anacheuka.

"Kawailesi kanga kolankhulirana kaja sikanakonzedwebe."

Kapitawo anangowakupizira dzanja, maso ali pamapepala.

Masana anafika, anthu anadya, koma kontena ya chakudya cha Amalume inali pashelefu pomwe anaisiya. Mayi wina wa pagulupo anapita kwa kapitawo.

"Bwana, makina aja analeka kulira kalekale. Tisakawaone?"

"Asiyeni, anyanyala amenewo. Akamva njala abwera okha."

Itakwana folo koloko Amalume asanabwerere, kapitawo anayamba kuda nkhawa. Anatenga anthu awiri n'kuthamangira kumathithi. Anawapeza Amalume atamwalira, ali chagada, thunthu la mtengo litawapsinja miyendo ndi chiuno. Pansi, mbali zonse ziwiri, panali timaenje timene anakumba ndi zala pofuna kudzisolola. Thupi linali lisanazizire. Adokotala atawapima anati akanapezeka msanga mwina akanapulumuka.

Kapitawo anagwidwa ndi mantha. Polemba lipoti anati malemuwo anapita okha osauza munthu, mophwanya malamulo a ntchito. Palibe anatsutsa, chifukwa pamene ankatumidwa muofesimo munali anthu awiri okha.

Patatha mwezi, anzawo a malemu anakhoma benchi pamalo pamene anafera, n'kulembapo dzina lawo. Anaitana mkazi wawo ndi mwana wawo wamkazi kuti adzaone. Anthu analankhula mosinthana. Wina anakumbukira mmene Amalume anaberekera mlendo wothyoka mwendo kuchokera kuphiri mpaka kugeti. Wina anati ankakalipira munthu chifukwa cha msomali umodzi wotuluka pamlatho, amvekere, "Pano padzadutsa mwana wa mwini wake." Anthu anaseka misozi ili m'maso.

Mwambo utatha, mkazi wa malemu anapita pamene panaima kapitawo. Anali ataonda, mawu akutuluka movutikira.

"Bambo, inu munali nawo pafupi, mundithandize. Amuna anga ngakhale kukwera padenga la nyumba ankandiitana kuti ndiwagwirire makwerero. Zinatheka bwanji kuti apite okha?"

Kapitawo anayang'ana pansi. "Ngozi, mayi."

"M'mawa wa tsiku limene lija tinayambana. Ndinawayankha mwano, anachoka osatsanzika. Ndiye ndimati mwina mutu sunkawayenda chifukwa cha ine. Chimwalirireni sindikudya. Ndikangotseka maso ndimaona kuti ndinawapha ndine."

"Amayi, musayambenso," anatero mwana wawo, akuwagwira mkono.

"Ndisiye, mwanawe. Ndikungofuna kudziwa ngati anafika kuntchito atakwiya."

Kapitawo anangokhala pansi pamasamba onyowa, anthu onse akuona.

"Mayi, si inu ayi. Anafika bwinobwino, anatipatsa moni akuseka. Ndinawatuma ndine. Anandipempha munthu wowathandiza, ndinakana. Anandiuza za wailesi yowonongeka, sindinasamale. Masana ndinauzidwa kuti tikawaone, ndinati anyanyala. Zimene ndinalemba zija ndi bodza."

Mayi uja anamuyang'ana nthawi yaitali, osalira, osatukwana.

"Mwezi wathunthu, bambo. Munabwera pamaliro, munandigwira chanza, munandiona mmene ndinalili."

"Ndikhululukireni."

"Zimenezo sindingayankhe lero. Dzukani. Mukanene mawu omwewa kumene munapereka pepala lija, dzina la amuna anga liyere."

Kapitawo anapitadi tsiku lomwelo. Ntchito inamuthera pomwepo, ndipo nkhani yake inakafika kukhoti. Amene amamudziwa akuti mpaka pano akamva makina ochekera mitengo akulira, amasiya chimene akuchita n'kulowa m'nyumba.

Phunziro: Ukakhala ndi udindo, munthu wodziwa ntchito akakuuza kuti apa pali ngozi, mumvere, ngakhale ali wapansi pako. Njira yotsekedwa imatsegulidwa mawa, koma bambo wa ana akapita sabweranso. Ndipo ukalakwa usabise, chifukwa bodza lako akalisenza ndi munthu wosalakwa. Tumizirani nkhaniyi anzanu, makamaka amene amatuma anthu ntchito.