Apu Yakonzeka

"Pali foni imodzi imene apu yathu yochezera ikumangodzitseka m'mawa uliwonse," anatero bwana kwa wolemba mapulogalamu wake. "Takonzani."

Wolemba mapulogalamuyo anafufuza mpaka anapeza vuto. Mwini foniyo ankatsegula tsamba la munthu amene akaunti yake inafufutidwa, apu n'kusokonezeka. Dzina la mwini foniyo analidziwa: anali bambo ake. Akauntiyo inali ya mayi ake, ndipo wolemba mapulogalamuyo anaifufuta yekha maliro awo atatha.

Anakonza, n'kupita kukamwa tiyi.

Mawa lake bambowo anamuimbira foni.

"Mwanangu, mwaitani apu ija? Nkhope ya mayi ako inkayamba yaoneka pang'ono isanazime. Lero yangolemba kuti munthuyu palibe."

"Ndiye kuti yakonzeka, ababa," anayankha.