Mzere wa Laimu pa Phula

Pomwe panali bwalo la mpira wa besibolo la koleji, lero amaimikapo magalimoto. Delbert ankadutsa pamenepo kutada, atanyamula mankhwala a mkazi wake.

Anaona mzere wa laimu wosauma utadutsa pa phula. Osewera sankaponda mzere wotere, ankati ndi tsoka. Iye anaupondapo kamodzi akadali wosewera, tsiku lomwe phewa lake linaguluka, mpira n'kuthera pomwepo.

Anaulumpha mwachizolowezi.

"Wachedwatu, mnyamata iwe." Anali mawu a Kochi Pruitt, omwe anamwalira kale, Delbert n'kunyamula nawo bokosi la maliro awo. "Masewera aja sanathe. Tikudikira iwe."

"Kochi, mkono unatha kale. Kunyumba kuli wodwala."

Atacheuka, kuseri kwa mzere kunalibe msewu, kunalibe nyumba. Kunali udzu wokhawokha, wometedwa bwino ngati wa pabwalo lakale lija.