Njuchi za a Fang Sizimwa Shuga

A Fang ankakokota timakapu ta pulasitiki ta m'ming'oma ya njuchi, nkhope ili pansi, ngati munthu amene wagwidwa ndi nkhuku ya eni m'thumba. Kasupuni ka nsungwi kankatuluka kodzaza ndi phala la mfumukazi, lija loyera lowawasa limene njuchi zimadyetsa ana oti adzakhale mafumukazi. Timakapu tonse tinali todzaza tho! Wina akanaimba nyimbo, koma iwo manyazi anali atawagwira.

Pansi pa bedi, mu tenti imene ankakhalamo pafupi ndi ming'oma, panali thumba la shuga lofika kale pakati.

Ndani ku Jiangshan konse amene sankawadziwa mawu awo? "Njuchi za a Fang sizimwa shuga." Zaka makumi atatu akuwanena mawuwa, makamaka pa tsiku lopita ndi phala kwa ogula m'tauni. Anawanenanso pa chakudya cha Chaka Chatsopano zaka zitatu zapitazo, akuloza ndi timitengo todyera mkamwini wawo Jianbo, amenenso amaweta njuchi. "Womwetsa njuchi shuga ndi mbava," anatero pamaso pa abale onse. Jianbo anaika mbale pansi n'kutuluka, ndipo sanapondenso pakhomo pawo.

Ndiye chaka chino maluwa a mpiru atayoyoka, mvula inagwa masabata atatu osakata. Akazi awo, a Shuimei, anali atapita kukasamalira mwana wawo Yanli, mkazi wa Jianbo, amene anali atangochira, mwezi wathunthu monga mwa mwambo. A Fang anatsala okha ndi ming'oma makumi asanu ndi atatu. Pakatha masiku atatu aliwonse akatulutsa timakapu ankapeza phala longopaka pansi. Njuchi zinayamba kutaya ana pakhomo pa ming'oma chifukwa cha njala. Anapirira masabata awiri. Kenako anakwera njinga yamoto kukagula shuga ku tauni ina yakutali kumene sadziwika, chipewa atachikokera mpaka m'maso. Pasanathe sabata timakapu tinadzaza, ndipo apa mpamene panawawa zenizeni: mkamwini uja analibe mlandu.

Tsopano a Shuimei, amene anafika m'mawa womwewo, anali tsidya lina la tebulo akuzula mphutsi za njuchi m'timakapu ndi kopanira, manja ali changu ngati sanachokepo.

"Loweruka mdzukulu wanu akwanitsa mwezi," anatero. "Jianbo wati mubwere mudzadye mazira ofiira a chikondwererocho. Wachita kunena ndi pakamwa pake."

A Fang anasiya kukokota. Akamuyang'ana ndi maso ati mkamwiniyo? Akanyamula bwanji mdzukulu m'nyumba ya munthu amene anamutcha mbava, manja awo akunanda shuga? Ndipo mayi uyu! Zaka zonsezi ankaima kumbuyo kwawo iwo akamadzitama, osawatsutsa ngakhale tsiku limodzi. Ngakhale mwana wawo atasiya kubwera, anangolirira kumbali. Kumunamiza munthu wotere, ayi, bola anyozedwe.

"Amake Yanli," anayamba a Fang. "Tayang'anani pansi pa bedi."

"Ndaliona kale thumbalo. Mukuyesa ndine wakhungu?"

Makutu a a Fang anatentha. "Ndamwetsa njuchi shuga. Ineyo, ndi manja angawa. Zimafa, amake Yanli, ndikanatani? Ndikuchita manyazi moti ndikulakalaka nthaka itang'ambika ndilowemo. Dzina lathu ndaliwononga. Nenani chimene mukufuna kunena, ndimva."

Anaweramitsa mutu kudikira chigamulo. Panja njuchi zinkangolira. A Shuimei anatapa phala pang'ono ndi kasupuni, n'kulipendeka kuti aone mmene likuyenderera.

"Munasakaniza bwanji?"

"Ati?"

"Shugayo. Munasakaniza bwanji?"

"Kapu imodzi ya shuga, awiri a madzi," anayankha chapansipansi.

"Iii, madala inu! Nchifukwa chake latuluka lamadzimadzi chonchi. Ndi kapu kwa kapu, ndipo mumathira m'zisa zopanda kanthu, osati m'mbale. Ine ndakhala ndikutero zaka makumi atatu, nthawi zonse mukapita m'tauni. Nanga Jianbo mumayesa anamuphunzitsa ndani?"